M'bawa uli m'kaundula, nanga ndere?

(Nyimbo yotsegulira, kenako itsike pang'onopang'ono)

  Lero pa pulogalamu yathu ya zachilengedwe tiyerekeza zomera ziwiri. Chimodzi ndi m'bawa, mtengo umene kalipentala aliyense amauzindikira akangoona thabwa lake lofiirira. Chinacho ndi ndere zija zofewa, zobiriwira, zomera pamwala wonyowa kapena patsinde la mtengo, zimene ambirife timangozipondaponda tikamawoloka mtsinje. Tifuna tione kumene asayansi amaika chilichonse mwa ziwirizi pa ubale wa zomera, kenako tifunse kuti pa ziwirizi chimene chili pangozi ya kutha n'chiti.

Tiyambe tamvana za ndere zimene tikunena, poti dzinali timatchulira zinthu zitatu zosiyana. Pali ndere za m'madzi, zoterera, zimene zimagwetsa anthu pamjigo kapena pamwala wochapira. Zimenezo tizisiye. Pali zina zouma, zotuwa kapena zachikasu, zomatirira pathanthwe, zina zolendewera m'nthambi za mitengo ya m'mapiri. Zimenezo ndi mtundu wa bowa umene umakhalira pamodzi ndi tizamoyo tobiriwira, ndipo nazonso tizisiye. Zathu ndi zachitatu. Mukatsinako pang'ono n'kuyang'anitsitsa, muona kuti ndi tizomera tambirimbiri tothithikana, kalikonse ndi katsinde kake ndi timasamba take. M'mabuku a sayansi zimatchedwa moss. Ndikamati ndere m'pulogalamu ino, ndikunena zimenezo.

Kasanjidwe ka zomera kamene timaphunzira kusukulu kanakhazikitsidwa ndi Carl Linnaeus wa ku Sweden, amene mu 1753 anatulutsa buku lotchedwa Species Plantarum. Iyeyu ndi amene anazoloweretsa dziko kupatsa chomera chilichonse dzina la mawu awiri. Posanja, ankatsegula duwa n'kuwerenga tiziwalo take toberekera. Anapanga magulu 24. Magulu 23 anali a zomera zimene ziwalo zake zoberekera zimaoneka ndi maso, ndipo m'gulu lomaliza anaunjikamo zonse zopanda maluwa: ndere zathuzi, ndere za m'madzi, bowa, ndi zomera zotchedwa fern. Choncho kuyambira pachiyambi, ndere zinaikidwa pa mulu wa zotsalira. Amene anazichotsapo ndi dokotala wina wa ku Leipzig, Johann Hedwig, amene anathera zaka zambiri pamaikulosikopu mpaka anaona mmene zimaberekera. Buku lake lalikulu linatuluka mu 1801, iye atamwalira kale zaka ziwiri, ndipo mpaka lero maina a ndere zambiri amawerengedwa kuyambira pa buku limenelo.

Masiku ano sitiwerenganso tiziwalo ta duwa tokha. Asayansi amayang'ana kapangidwe ka chomera chonse pamodzi ndi DNA yake, ndipo amasanja zomera potsata ubale weniweni. M'bawa ndi ndere zonse zili mu ufumu umodzi wa zomera, koma zimasiyana njira pa mphambano yoyamba yeniyeni.

M'bawa uli mbali ya zomera zokhala ndi mitsempha, timapaipi tokweza madzi kuchoka kumizu ndi totsitsa chakudya kuchoka kumasamba. Mwa zokhala ndi mitsempha, uli m'gulu lobereka njere. Mwa zobereka njere, uli m'gulu la zamaluwa, zimene njere zake zimakulira mkati mwa chipatso. Apa ndi pamene umasiyana ndi mkungudza ndi paini, zimene zili ndi njere koma zilibe maluwa kapena zipatso zenizeni. Zomera zamaluwa ndi khamu lalikulu, mitundu pafupifupi 300,000 kapena kupitirira, kuyambira chimanga ndi nyemba mpaka mlambe. Tikatsika m'khamu limeneli, tipeza m'bawa m'gulu lotchedwa Sapindales, limene muli mango, malalanje, mandimu ndi mfula. Tikatsikanso, tiupeza m'banja la Meliaceae. Abale ake apafupi mukuwadziwa, mwina ali pakhomo panu pomwe: nimu, indiya ndi msikidzi. Onsewa masamba awo amakhala timasamba tingapo pa phesi limodzi, ndipo ambiri a iwo khungwa lawo n'lowawa. Dzina la sayansi limene mabuku ambiri amaupatsa ndi Khaya anthotheca, ngakhale akatswiri ena abwerera ku dzina lakale la Khaya nyasica ponena za mibawa ya kuno kwathu ndi maiko oyandikana nafe.

Anthu ena amadabwa kumva kuti m'bawa umachita maluwa. Umachita, kungoti ndi ang'onoang'ono, oyera, onunkhira, ndipo amatuluka m'mwamba kwambiri nyengo yotentha mvula isanakhazikike. Chimene mungachione mosavuta ndi chipatso chake. Pitani pansi pa m'bawa waukulu nyengo yachilimwe. Mupeza zikhokhombe zolimba, zotuwa, zozungulira, zong'ambika mbali zinayi kapena zisanu kuyambira kunsonga. Mkati mwake njere zimasanjikizana, zopyapyala, zofiirira, iliyonse ndi kaphiko kozungulira m'mbali kuti mphepo iinyamule. Mu njere iliyonse muli kale kamtengo kakhanda ndi kamba wake wapaulendo. Pamalo abwino, m'mbali mwa mtsinje kapena m'nkhalango yamvula yambiri, kamtengo kameneko kamatha kukula mpaka mamita 50 kapena 60. M'nkhalango ya Chirinda ku Zimbabwe muli m'bawa wina wotchuka umene boma la kumeneko linauteteza ngati chuma cha fuko chifukwa cha kukula kwake.

(Kanyimbo kakafupi)

Tsopano titsike pansi, tigwade, tione mbali inayo. Ndere zili m'gulu lotchedwa Bryophyta, ndipo mitundu yake yodziwika ndi pafupifupi 12,000. Mukaphatikiza ndi abale ake awiri, liverwort ndi hornwort, imafika pafupifupi 20,000. Zilibe maluwa, zilibe njere, zilibe thabwa. Zilibenso mizu yeniyeni, koma timaulusi tongogwirira pamwala kapena pakhungwa. Tsamba la ndere zambiri n'lopyapyala kotheratu, mzere umodzi wokha wa maselo, motero madzi amalowa paliponse pamene mame kapena nkhungu yakhudza. N'chifukwa chake ndere sizitalika. Popanda mitsempha yolimba sizingakweze madzi kutali.

Koma pali chinthu chimene ndere zambiri zimachita chimene m'bawa sungayerekeze. Zikauma, sizifa. Mu Okutobala mukhoza kuona chigamba chakuda, chofota, pakhoma la kumthunzi kapena patsinde la mtengo, n'kuganiza kuti chinatha kalekale. Dontheza madzi pang'ono, mwana wasukulu iwe, n'kudikira mphindi zochepa. Timasamba titambasuka, kubiriwira kubwerera, ndipo posakhalitsa kachomerako kayambiranso kupanga chakudya. Yesani zimenezi aphunzitsi, n'zosalira ndalama, ndipo ana sadzaiwala.

Titchule mtundu umodzi kuti tisamangoyankhula m'malere. Pali ndere yotchedwa Funaria hygrometrica, dzina lochokera m'buku la Hedwig lija, ya m'banja la Funariaceae. Imapezeka pafupifupi dziko lonse lapansi, kuphatikizapo muno mu Africa, ndipo imakonda pamalo pamene panayaka moto, pa phulusa ndi makala otsalira, pakakhala chinyezi. Kachomera kake kobiriwira n'kakafupi zedi, sikafika ngakhale sentimita imodzi. Pamwamba pake pamatuluka kaphesi kowonda, kofiirira, ka masentimita atatu kapena asanu, ndipo kunsonga kwake kuli kathumba kowerama. Kunja kukauma kaphesiko kamapotana, kukachita chinyezi kamapotoloka. Pakamwa pa kathumbako pali timano tosaoneka bwino popanda galasi lokulitsira zinthu, timene timasuntha malinga ndi chinyezi n'kumatulutsa fumbi. Fumbi limenelo ndi ma spore. Spore si njere. Ndi selo limodzi lokha, mulibe kachomera kakhanda, ndipo n'lopepuka kotero kuti mphepo ikhoza kulitengera kutali kwambiri.

Spore likagwera ponyowa limatulutsa kaulusi kobiriwira, ndipo pa kaulusiko pamaphuka tizomera tija. Tizomerato timapanga ziwalo zachimuna ndi zachikazi. Apa pali chodabwitsa: mbewu yachimuna ya ndere imasambira. Imafuna kadontho ka mvula kapena mame kuti ifike pa dzira. Popanda madzi palibe kubereka. M'bawa unamasuka ku lamulo limeneli, poti mungu wake umanyamulidwa ndi tizilombo touluka kuchoka pa duwa lina kupita pa lina. Inu okonzekera mayeso, gwirani ichi: chobiriwira chimene mumachiona pa ndere ndi m'badwo wokhala ndi mpambo umodzi wa ma chromosome, ndipo kaphesi ndi kathumba kaja ndiwo m'badwo wa mipambo iwiri, umene umadya kwa make moyo wake wonse. Pa m'bawa zinthu zinatembenuka. Mtengo wonsewo ndi m'badwo wa mipambo iwiri, ndipo m'badwo winawo wabisala mu mungu ndi mkati mwa duwa. Amene anaonetsa kuti zomera zimasinthanitsa mibadwo chonchi ndi Wilhelm Hofmeister wa ku Germany, mu 1851.

(Nyimbo)

Tafika pa funso lachiwiri, ndipo ndi limene landikhalitsa pansi kukonza pulogalamu ino.

Pali bungwe lapadziko lonse lotchedwa IUCN, limene linakhazikitsidwa mu 1948 ndipo likulu lake lili ku Gland m'dziko la Switzerland. Kuyambira mu 1964 bungweli limasunga kaundula wa zamoyo wotchedwa Red List. Mtundu ukaunikidwa umaikidwa pa mlingo wake. Pansi penipeni pali zosadetsa nkhawa, kenako zoyandikira ngozi. Pamwamba pa zimenezo pali milingo itatu ya zimene zili pangozi: Vulnerable, Endangered ndi Critically Endangered, kuopsa kukukulirakulira. Kupitirira apo ndi zimene zinatha kuthengo n'kutsala zosungidwa ndi anthu, ndiponso zimene zinatheratu. Sikuti amangoganizira. Pa malamulo a masiku ano, mtundu umene wachepa ndi 30 peresenti m'zaka khumi kapena m'mibadwo yake itatu ukhoza kulowa pa Vulnerable, ukachepa ndi 50 peresenti pa Endangered, ndipo ndi 80 peresenti pa Critically Endangered. Amayang'ananso kukula kwa dera limene mtunduwo umapezeka ndi chiwerengero cha zomera zokhwima zimene zatsala.

M'bawa, pansi pa dzina la Khaya anthotheca, unaikidwa pa Vulnerable mu 1998. Zifukwa zake palibe amene angazidabwe. Thabwa lake n'lokongola, losavuta kupala, lofunidwa pa zitseko, mipando, makabati ndi mabwato, ndipo ocheka amasankha mitengo ikuluikulu yowongoka, yomwe ija imene ikanabereka njere zambiri. Malo ake okonda, m'mbali mwa mitsinje, ndi omwewo amene talimamo madimba mpaka m'madzi. Njere zake sizikhalitsa, pakangopita miyezi yochepa zambiri sizimeranso. Ndipo mukaubzala wokhawokha pamtetete, pali kambozi kotchedwa Hypsipyla kamene kamaboola nsonga, mtengo n'kuchita mphanda usanatalike. Mu Novembala 2022, pa msonkhano wa pangano la CITES ku Panama, maiko anagwirizana kuika mibawa ya mu Africa, pamodzi ndi mlombwa ndi msambamfumu, pa ndandanda yachiwiri. Ndiye kuti matabwa ake sangatuluke m'dziko popanda chilolezo chotsimikiza kuti malondawo sakuwononga mtunduwo. Phingo analowa kale pa ndandanda imeneyo mu 2017. Dziwani kuti panganoli limagwira ntchito pa malonda a pakati pa maiko. Thabwa locheka kumudzi n'kugulitsidwa m'tauni limayang'aniridwa ndi lamulo lathu la zankhalango la 1997, limene linakhwimitsidwa mu 2020.

Nkhani ya mitengo yonse si yabwino. Mu Okutobala 2024, IUCN inalengeza kuti mwa mitundu ya mitengo yoposa 47,000 imene inaunikidwa, 38 peresenti ili pangozi ya kutha. Mkungudza wa ku Mulanje, mtengo wa fuko lathu, uli pa Critically Endangered, ndipo kalembera wa mu 2017 anapeza mitengo yokhwima 7 yokha paphiri lonse. Zimenezi n'zowawa kumva. Komabe taonani kuti tikutha kutchula manambala. Mitengo ili ndi anthu oiwerenga.

Nanga ndere? Funaria ija ya pa phulusa ilibe vuto. Kumene inaunikidwa, ku Ulaya, inapezeka yosadetsa nkhawa, ndipo moto umene umawononga nkhalango umaikonzera malo. Choncho kukhala ndere pakokha sikutanthauza kukhala pangozi, monganso kukhala chomera chamaluwa sikuteteza. Chisoso nachonso n'chamaluwa ngati m'bawa, koma palibe akuchidera nkhawa. Chimene chimaika mtundu pangozi ndi moyo wake: kaya umakhala malo amodzi okha, kaya umachedwa kukula, kaya anthu amaufuna.

Vuto lili apa. M'kaundula muja muli milingo ina iwiri imene sindinaitchule. Wina ndi wa mitundu imene anaiyang'ana koma umboni n'kuperewera. Winawo ndi wa mitundu imene sanaiunike n'komwe. Mwa mitundu 20,000 ija ya ndere ndi abale ake, imene inaunikidwa pa mlingo wa dziko lonse ndi mazana ochepa okha. Yotsalayo ili pa mlingo wa zosaunikidwa. Munthu amene sanapite kukayezetsa kuchipatala sitinganene kuti ali bwino chifukwa choti dzina lake mulibe m'buku la odwala. Ndi mmene zilili ndi ndere. Kumene anakhala pansi n'kuyeza, zotsatira zake zinadzidzimutsa. Mu 2019 akatswiri anamaliza kuunika mitundu pafupifupi 1,800 ya ndere ndi abale ake ya ku Ulaya, ndipo anapeza kuti 22.5 peresenti ili pangozi. Kumeneko ndi kumene kuli akatswiri ambiri ndi mabuku a zaka mazana awiri. Kuno ku Africa ntchito yoyamba yeniyeni, yongolemba kuti tili ndi mitundu iti, idakali pakati.

Kuunika ndere n'kovuta, tisawaweruze msanga asayansi. Mibawa mukhoza kuiloza ndi chala n'kuwerenga. Koma chigamba cha ndere pamwala, ndi chomera chimodzi kapena chikwi? Akatswiri anachita kugwirizana njira: pa ndere zomera pakhungwa, mtengo umodzi wokhala nazo uwerengedwe ngati chomera chimodzi, ndipo pa zomera panthaka, awerenge malo a mita imodzi mbali zonse. Kusiyanitsa mitundu nakonso kumafuna maikulosikopu ndi munthu amene waphunzira zaka zambiri, ndipo anthu otere ndi ochepa padziko lonse.

Kodi ndere ikhoza kutheratu? Inde. Cha m'ma 1860, John Macoun anatola ndere ina yonyezimira patsinde la mitengo ya m'dambo lina pafupi ndi Belleville, m'chigawo cha Ontario ku Canada. Inatchedwa Neomacounia nitida. Zaka za m'ma 1800 zisanathe, mitengo ya m'dambolo inali itadulidwa yonse. Akatswiri anabwerera kukafunafuna, osaipeza, ndipo lero inalembedwa kuti inatheratu. Palibe amene anaidula ndere imeneyo kapena kuigulitsa. Anthu ankafuna mitengo ndi malo, ndere n'kupitira limodzi.

Nkhani ya ku Canada imeneyi imandiganizitsa za mapiri athu. Aliyense amene anakwerapo ku Lichenya kapena ku Chambe pa phiri la Mulanje nthawi ya chiperoni, kapena kuyenda m'mbali mwa Mulunguzi pamwamba pa Zomba, amadziwa mmene timankhalango ta m'makwawa timaonekera. Tsinde lililonse lavala ndere, nthambi zikudontha madzi ngakhale mvula isanagwe. Mu 1991 gulu la akatswiri a British Bryological Society linabwera kudzatola ndere pa phiri la Mulanje. Ntchito yozindikira zimene anatola inatenga zaka zambiri, ndipo anapezamo mitundu yambiri imene inali isanalembedwepo kuti ilipo m'Malawi. Kuchokera chaka chimenecho, nkhwangwa ndi moto zadya timankhalango tambiri paphiripo. Mtengo wa m'khwawa ukagwa, sikuti yapita ndi ndere ya pakhungwa lake yokha. Dzuwa ndi mphepo zimalowa, miyala imene inkakhala yonyowa chaka chonse imauma, ndipo mitundu yozolowera mthunzi ndi nkhungu ilibe kothawira. Inde ndere zambiri zimapirira kuuma, koma za m'nkhalango yonyowa sizipirira kwa miyezi.

Wina afunsa kuti, tikataya ndere tataya chiyani? Ndere zimagwira madzi a mvula ndi a nkhungu n'kumawataya pang'onopang'ono, zimaphimba nthaka kuti madontho asaikokolole, ndipo njere za mitengo ndi maluwa a m'nthambi zimamera bwino pa chinyezi chake. Mtundu wina wotchedwa Sphagnum umasunga madzi olemera pafupifupi ka 20 kuposa iwo wokha ukauma, ndipo pa nkhondo yoyamba yapadziko lonse unkagwira ntchito yomangira mabala a asilikali thonje litasowa. Madambo a dothi lakuda lotchedwa peat, amene ambiri a kumpoto kwa dziko lapansi anapangidwa ndi ndere imeneyi, amatenga 3 peresenti yokha ya mtunda, koma amasunga kaboni wochuluka kuposa mitengo ya m'nkhalango zonse zapadziko. Ine ndionjezerapo ichi: ngakhale mtundu umene ntchito yake sitikuidziwa, tilibe ufulu woufafaniza tisanaupatse ngakhale dzina.

Ndikuona kuti tikamabzala mitengo kuyambira pa 15 Disembala mpaka pa 15 Epulo, tizikumbukira kuti mbande chikwi za m'machubu sizilowa m'malo mwa nkhalango yakale ya m'khwawa. M'bawa tikhoza kuufesa panazale, ndipo tiufese ndithu. Tolani njere zangogwa kumene, sankhani zosabooledwa ndi tizilombo, fesani msanga, ndipo pobzala usakanizeni ndi mitengo ina kuti ukule mumthunzi pang'ono, kambozi kaja kasaupeze mosavuta. Koma ndere za m'nkhalango yamapiri palibe amene ali ndi nazale yake. Njira yozisungira ndi kusiya mitengo ya m'makwawa ndi m'mbali mwa mitsinje ili chiimire, ndi kulambula njira zotchinga moto chilimwe chisanafike. Mafumu ndi makomiti a zachilengedwe a m'midzi, mphamvu imeneyi ili m'manja mwanu kuposa mwa aliyense.

Kwa aphunzitsi ndi magulu a zachilengedwe a m'sukulu, pali ntchito imene mungathandize. Mukapeza ndere, ijambuleni ndi foni, pafupi ndi patali, ndipo lembani tsiku, malo, ndi chimene yamerapo, kaya ndi mwala, dothi, khungwa kapena chipika chowola. Ngati mutengeko, tengani kachidutswa kochepa, makamaka kokhala ndi timatumba tija, musiye chigamba chonse pamalo ake. Kaumitseni pamthunzi n'kukasunga mu envulopu ya pepala, osati m'jumbo, poti m'pulasitiki kamachita nkhungu. M'nkhalango zotetezedwa ndi m'mapaki musatole kanthu popanda chilolezo. Zitsanzo za zomera za dziko lino zimasungidwa ku National Herbarium and Botanic Gardens of Malawi ku Zomba, ndipo kumeneko ndi koyenera kufunsa mukafuna kudziwa chimene mwapeza.

Nthawi yatithera. Sabata yamawa tidzakwera ku Nyika, kumene kuli mitundu yoposa 200 ya maluwa a orchid, tikakambe za chikanda ndi malonda ake. 

(Nyimbo yotsekera)